Nthambo za ku Songo zimaloza kwa wolipira

Amene adayendapo pamsewu wochoka ku Ntcheu kupita ku Dedza akudziwa kuti pa Lizulu malire a dziko ndi phula lomwelo. Ukaima tsidya lino uli ku Malawi, ukangodumpha msewu wafika m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mayi wogulitsa kachewere ndi kabichi tsidya linalo amakuitana m'Chichewa chomwechi, kwacha amalandira, ndipo maliro akagwa kuno amabwera kudzagona pasiwa. Ine ndidakulira kufupi ndi malire amenewa, ndipo abale ena a mayi anga ali tsidya lija mpaka lero.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa maulendo okacheza kumeneko ndi chigayo. Chidali cha dizilo, cha lamba wamtali wolumikizalumikiza, ndipo poliza pankafunika anyamata awiri opukusa chitsulo mpaka injini itatsokomola utsi wakuda. Dizilo akatha, amayi ankasiya matumba awo pamzere, aliyense ataikapo chizindikiro chake, wina kansalu, wina chitsononkho, n'kubwerera kunyumba kukasinja mumtondo. Madzulo nsima tinkadyera pa koloboyi. Koma m'chigawo chomwecho cha Tete muli damu la Cahora Bassa, lomwe mphamvu yake ndi yoposa kasanu ya makina onse a pamadzi a EGENCO mutawaphatikiza. Ndili mwana sindinkaona chachilendo pamenepa. Lero ndimaona kuti nkhani ya mafuta, gasi ndi magetsi kuno kummwera kwa Africa idagona pa chigayo chija.

Kukhala ndi mtsinje waukulu, gasi pansi pa nyanja kapena mafuta pansi pa nthaka sikuyatsa babu m'nyumba ya munthu. Chimayatsa ndi nthambo, ndipo nthambo imakokedwa kupita kwa amene watsimikizira kuti adzalipira mwezi ndi mwezi, zaka 20, m'ndalama yomwe mabanki amaikhulupirira. Mozambique ndi mboni ya zimenezi. Ife Amalawi, amene tsopano tikulumikiza nthambo yathu ku Tete, tiimvetsetse nkhaniyi tisanayambe nthungululu.

Ntchito yomanga Cahora Bassa idayamba mu 1969, Apwitikizi akulamulirabe, nkhondo ya Frelimo ili mkati. Khoma lidatha kumapeto kwa 1974, patatsala miyezi kuti dzikolo lilandire ufulu mu June 1975. Makina ake asanu ali ndi mphamvu ya mamegawati 2,075. Koma amene adajambula mapulani sankaganizira maboma a ku Tete komweko ngati Angónia, Moatize kapena Mutarara. Wogula adali atapezeka kale, Eskom ya ku South Africa ya nthawi ya tsankho, ndiye adakoka nthambo ziwiri za makilomita oposa 1,400 kuchokera pa Songo, tauni ya pa damuli, mpaka pa siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria.

Nthambo zimenezi si wamba. Zimanyamula magetsi m'njira yoti asatayike kwambiri paulendo wautali, koma vuto lake n'lakuti sungazipatutse panjira. Pamafunika siteshoni yodula zedi kuti magetsiwo asinthidwe kukhala oti munthu n'kugwiritsa ntchito, ndipo pa nthambozi masiteshoni otere alipo awiri okha, wa pa Songo ndi wa pa Apollo. Zili ngati basi yochoka ku Blantyre yokaima ku Lilongwe kokha. Udzaiona ikudutsa pakhomo pako tsiku ndi tsiku, koma ngakhale uiimike ndi manja awiri siima. Midzi ya ku Manica ndi ku Gaza yomwe ili pansi pa nthambozi yakhala ikuona zitsulo zitalizitalizo zaka pafupifupi 50.

M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Renamo adagwetsa zitsulo zambirimbiri, ndipo damu lidakhala zaka zoposa khumi likupanga magetsi ochepa chabe. Ndi nthawi ija abale athu pafupifupi miliyoni adathawira kuno, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Nkhondo idatha mu 1992, nthambo zidakonzedwa, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 magetsi adayambanso ulendo wawo wa ku South Africa. Kampani yoyendetsa damuli, HCB, gawo lake lalikulu lidakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka November 2007, pamene Mozambique idalipira madola 700 miliyoni n'kukhala ndi magawo 85 pa 100. Pulezidenti wa nthawiyo, Armando Guebuza, adalengeza kwa anthu ake kuti Cahora Bassa tsopano ndi yawo. Pa umwini adanena zoona. Koma pangano logulitsa gawo lalikulu la magetsiwo kwa Eskom lidatsala chilili, ndipo likufika kumapeto mu 2030.

Zaka zonsezi padalibe nthambo yolunjika kuchokera ku Tete kupita ku Maputo. Magetsi a ku Songo amayamba alowa ku South Africa, kenako ena n'kubwerera ku likulu la dziko lawo lomwe kudzera pa nthambo za eni ake. Pafupi ndi Maputo pomwepo padamangidwa fakitale ya Mozal yosungunula aluminiyamu, yomwe idayamba ntchito mu 2000. Iyo yokha njala yake idafika mamegawati pafupifupi 950, kuposa kawiri magetsi a pamadzi a Malawi yense. Zopangira zake zidakonzedwa kuti zizibwera pa sitima kuchokera ku Australia, aluminiyamu n'kumatuluka pa sitima kupita ku Ulaya. Chimene Mozambique idaikapo kwenikweni ndi magetsi otsika mtengo. Fakitale imeneyi sidavutike kupeza nthambo, popeza eni ake mabanki ankawadziwa.

Gasi naye adayenda njira yomweyo. Wa ku Pande, m'chigawo cha Inhambane, adapezeka mu 1961, koma adakhala pansi zaka zoposa 40. Sikuti anthu a ku Inhambane sankaphika. Wogula wamkulu ndiye padalibe. Kampani ya Sasol itabwera, paipi ya makilomita 865 idakwiriridwa kuchokera ku Temane mpaka ku Secunda, ndipo kuyambira 2004 gasi wakhala akupita kumafakitale a ku South Africa. Wina amatsala, ndipo ndi amene amayendetsa makina opanga magetsi ku Ressano Garcia ndi ku Maputo, zomwe zathandizadi kummwera kwa dzikolo. Koma bungwe la Centro de Integridade Pública la ku Maputo lakhala likudandaula kwa zaka kuti ndalama zomwe boma lidapeza pa gasiyu n'zochepa poyerekeza ndi zimene anthu ankayembekezera. Pano Sasol idachenjeza kale makasitomala ake kuti zitsime za Pande ndi Temane zikuphwa. Gasi wayamba kuchepa mayi wa ku Vilankulo, ku Inhambane komweko, akukupizabe makala pambaula.

Pa mafuta agalimoto Mozambique ili ngati ife. Petulo ndi dizilo imagula kunja, popeza ilibe fakitale yoyenga mafuta. Iwo mwayi wawo ndi madoko. Pa Beira pali paipi yomangidwa m'zaka za m'ma 1960 yopopa mafuta kupita ku Feruka, pafupi ndi Mutare ku Zimbabwe, pomwe athu amabwera pa mathanki kudzera pa Mwanza ndi Dedza, ena pa sitima kuchokera ku Nacala, ena ulendo wautali wochokera ku Dar es Salaam.

Umboni wina umatidutsa pakhomo ife tomwe. Imani pa Nkaya kapena pa mlatho wa njanji ku Liwonde, muone sitima ya malasha a ku Moatize ikudutsa, mabogi oposa 100, mpaka khosi kutopa n'kuwerenga. Njanji yatsopano yodutsa Mwanza ndi Neno idamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil m'zaka zochepa chabe, m'mapiri momwe ife tidalephera kuikamo msewu wabwino kwa nthawi yaitali. Idatheka chifukwa kumapeto kwake, kuseri kwa doko la Nacala, kudali ogula malasha a ku Asia ndi ku Ulaya.

Kenako kudamveka mkokomo wa gasi wa ku Rovuma, kumpoto kwa Mozambique. Mu 2010 kampani ya Anadarko ya ku America idapeza gasi pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la Cabo Delgado, Eni ya ku Italy n'kupezanso wina mu 2011, wochuluka moti dzikolo lidayamba kutchulidwa limodzi ndi maiko akuluakulu a gasi. Woyamba kugulitsidwa adachokera pa Coral Sul, fakitale yoyandama yomwe idapangidwa ku South Korea n'kukokedwa panyanja mpaka ku Mozambique. Imakoka gasi pansi pa nyanja, kumuziziritsa mpaka asanduke ngati madzi, n'kumuthira m'sitima pomwepo. Sitima yoyamba idanyamuka mu November 2022. Gasi yense wa pamenepo, matani 3.4 miliyoni pachaka, adagulidwiratu ndi kampani ya BP ya ku Britain kwa zaka 20. Gasi ameneyu saponda n'komwe dothi la Mozambique.

Ndalama za gasi zisanafike, ena adayamba kudyeratu. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, adakongola madola pafupifupi 2 biliyoni kumabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma litaziikira kumbuyo ngongolezo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza adamanga thumba, ndalama ya dzikolo, metical, idagwa, ndipo mitengo ya zakudya idakwerera munthu amene sadaonepo ngakhale boti limodzi mwa maboti a nsomba omwe adagulidwa ndi ndalamazo. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, adapezeka wolakwa kukhoti la ku New York mu 2024. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa zidatembenuka. Adadya ndi akulu, opotokoledwa m'mimba ndi ana.

Za nkhondo ya ku Cabo Delgado sinditalikitsa, n'zowawa. Idayamba pa Mocímboa da Praia mu October 2017, ndipo mu March 2021 zigawenga zidalowa m'tauni ya Palma, pakhomo penipeni pa ntchito ya TotalEnergies ya madola 20 biliyoni ku Afungi, ntchitoyo n'kuima zaka zoposa zinayi. Anthu pafupifupi miliyoni adathawa m'midzi mwawo. Kunena kuti gasi ndiye adabala nkhondoyi kungakhale kupeputsa nkhani, zifukwa zake n'zambiri. Koma mnyamata wopanda ntchito amene akuona chuma chikumudutsa pamphuno kupita kunja savuta kumunyengerera. Ndipo asilikali a ku Rwanda atafika mu July 2021, adatumizidwa ku Palma ndi ku Mocímboa da Praia, maboma ozungulira ntchito ya gasi.

Alipo amene angandiyankhe kuti ndikulankhula ngati wosadziwa mmene ndalama imayendera, ndipo mfundo ali nayo. Popanda Eskom, Cahora Bassa sakadamangidwa. Popanda wogula ngati BP, mabanki sakadatulutsa ndalama za Coral Sul. Damu la mamegawati 2,075 silingadalire mababu a m'midzi okha, limafuna wogula wamkulu wotenga magetsi usana ndi usiku. Kugulitsa kunja kumabweretsa madola, ndipo HCB lero ndi imodzi mwa makampani opereka msonkho ndi phindu lalikulu ku boma la Mozambique. Kumapeto kwa 2023 aphungu a dzikolo adakhazikitsanso thumba losungira ana a mawa, loti magawo 40 pa 100 a ndalama za gasi azilowa mmenemo m'zaka 15 zoyambirira. Zonsezi ndikuvomereza. Kugulitsa kunja si tchimo, mlimi wa fodya naye amalimira okushoni.

Koma yankho limeneli likungotsimikiza zomwe ndikunena. Ngati nthambo imatsata wolipira, ndani amene amaimirira mwini chigayo uja pamsika? Banki ya ku London siingasaine pangano ndi mayi wogula mayunitsi a K2,000. Imamuonera mwa kampani yogawa magetsi, EDM ku Mozambique, ESCOM kuno, ZESCO ku Zambia. Kampani imeneyi ndiyo imasonkhanitsa timakobidi ta anthu mamiliyoni n'kukhala wogula mmodzi wamkulu, wokhoza kuima pambali pa Eskom kapena Mozal n'kunena kuti nanenso mundigawire, ndalama ndi iyi. Ikakhala yofooka, yomira m'ngongole, yogulitsa magetsi pamtengo wotsika kuposa womwe yagulira, yobedwa mawaya ndi mafuta a m'mathiransifoma usiku uliwonse, ndiye kuti anthu onse ali kumbuyo kwake alibe mawu. Timakonda kukamba za zitsime ndi madamu chifukwa n'zooneka ndi maso. Koma babu la m'mudzi kuyaka kapena kusayaka kwake kumalembedwa m'mabuku a ndalama a kampani yogawa magetsi, momwe ambirife sitisuzumiramo.

Anzathu a ku Mozambique izi adayamba kuziona. Mu 2018 adakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yofuna kuti pofika 2030 nyumba iliyonse ikhale ndi magetsi, ndipo kenako boma lidachotsa ndalama yolipira polumikiza nyumba yatsopano. Ndikawoloka msewu masiku ano ndimaona mapolo m'malo momwe kale mudalibe, achinyamata akugula mayunitsi a Credelec pafoni, wowotcherera zitseko atakhazika shedi yake pomwe padali tchire. Sizidafike paliponse, ulendo udakalipo wautali. Koma aliyense wolumikizidwa ndi kasitomala watsopano wa EDM, ndipo EDM ikamakula imafuna gawo lokulirapo la Cahora Bassa. Apa ndi pomwe nkhaniyi yatipeza ife.

Kale ESCOM ndiyo inkatumiza magetsi kumatauni ena a m'malire a Mozambique, monga Milange ndi Mandimba, chifukwa nthambo zathu zidali pafupi kuposa zawo. Maganizo oti ifenso tilumikizidwe ku Tete ndi akale. Banki ya Dziko Lonse idavomereza ngongole yake mu 2007, koma boma la Bingu wa Mutharika lidabwerera m'mbuyo poona kuti zolipira mwezi ndi mwezi zidali zolemetsa. Joyce Banda ndi Guebuza adasainirananso mu 2013, ndalama zidavomerezedwanso mu 2019, ndipo ntchito idagundika: nthambo ya makilomita 218 kuchokera pa Matambo, kufupi ndi mzinda wa Tete, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Phombeya ku Balaka. Poyambira tidagwirizana zogula mamegawati 50.

Ine nthamboyi ndikuifuna, ndipo ndimaona kuti tidachedwa nayo. Malawi ndi membala wa Southern African Power Pool, msika wa magetsi wa maiko a SADC womwe udakhazikitsidwa mu 1995, koma kwa zaka zambirimbiri takhala membala wopanda waya, wopita kumisonkhano koma osatha kugula kapena kugulitsa pamsikawo. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, mamegawati 130 n'kuzima usiku umodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu a pamadzi, ndipo padatha chaka ndi miyezi asadabwerere. Amene adali ndi saluni, butchala kapena malo owotcherera sadaiwale chaka chimenecho. Nyama inkawola m'mafiriji, amisiri ankagona pashedi kudikira kuti magetsi akabwera pakati pa usiku agwireko ntchito. Tikadakhala ndi nthambo ya ku Tete, ululu ukadachepako.

Koma tisawerengere madzi a mphutsi. Magetsi a ku Mozambique olipira ake ndi madola, pomwe ESCOM imatolera kwacha. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023. Zoterezi zikachitika, bilu ya kunja imafufuma usiku umodzi, pomwe mtengo wa yunitsi kuno umadikira chilolezo cha MERA. Nkhawa ya Bingu ija sidali yopanda pake, idangofunika kuiyankha osati kuithawa. Mizere ya mafuta yomwe tagonapo kuyambira 2022 yatiphunzitsa kuti katundu atha kukhalapo pa Beira, msewu uli bwinobwino, koma osafika chifukwa madola palibe. Mafuta akasowa munthu umanyamula chigubu kupita kumalire. Magetsi alibe chigubu. Wogulitsa akatopa ndi ngongole amangotsitsa swichi pa Matambo.

Palinso mvula. Chilala cha 2024 chidaphwetsa damu la Kariba mpaka anthu a ku Lusaka ankakhala maola pafupifupi 20 patsiku opanda magetsi, ndipo madzi a Cahora Bassa, omwe amadalira Zambezi yemweyo, adatsika kwambiri. Chaka chomwe ife tidzafunitsitse thandizo chitha kukhala chaka chomwe Zambia, Zimbabwe ndi South Africa nawo ali pamzere, atanyamula matumba olemera kuposa lathu. Ndale nazo sizigona. Zisankho za October 2024 zitabala ziwawa ku Mozambique, mathanki a mafuta adavutika kudutsa, ndipo anthu zikwizikwi adawolokera ku Nsanje.

Ndiye pali chaka cha 2030. Boma la Mozambique lidanena kale kuti pangano ndi Eskom likatha likufuna magetsi a Cahora Bassa ayambe atumikira dzikolo. Kukangana pa mtengo kudayamba kale. Mu 2025 kampani ya South32, mwini wamkulu wa Mozal, idalengeza kuti iimitsa fakitaleyo mu March 2026 chifukwa chosapeza pangano latsopano la magetsi pamtengo womwe imafuna. Mabanja zikwi zingapo akhala akudya chifukwa cha fakitale imeneyo, ndipo kutsekedwa kwake n'kowawa. Komabe pa mfundo yaikuluyo ine ndili kumbali ya Mozambique. Dziko lomwe lidalipira damu lake ndi ndalama zake, lomwe lidaika m'manda ana ake m'nkhondo yomenyedwera pansi pa nthambo zomwezo, lili ndi ufulu wonse wonena kuti ana a m'nyumba adye kaye. Ndikunena izi ndikudziwa kuti mwina zidzatikwezera mtengo ifeyo. Sindingafunire msuweni wanga wa tsidya lija mdima kuti ine ndiwalikidwe ku Lilongwe.

Damu latsopano la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, lingadzawonjezere magetsi ogulitsa. Pangano lake ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo lidasainidwa mu December 2023. Koma damu lotere limatenga zaka, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chomwe chili m'manja mwathu n'chosakoma kumva: ESCOM ikhale wogula wokhulupirika. Maofesi a boma ndi mabungwe ake amene amayatsa magetsi osalipira akudya mbewu. Ngongole zawo zimachititsa kuti ESCOM ichedwe kulipira EGENCO, ndipo aliyense wofuna kutigulitsa magetsi, kaya ndi EDM kaya ndi kampani ya magetsi a dzuwa, amayamba wayang'ana mbiri imeneyi asanatchule mtengo. Wobweza movuta amagula modula, izi ngakhale wa pagolosale amazidziwa. Unduna uliwonse ukhale pa mita yolipiriratu monga ilili nyumba yanga ndi yanu, ndipo zipatala bajeti izizilipirira mwachindunji kuti wodwala asazimitsidwe. Mtengo wa yunitsi unenedwe moona. Ngati tikufuna kuteteza osauka, ndipo tiyeneradi kutero, tiwateteze poyera ndi mayunitsi oyambirira otsika mtengo, osati pobisa dzenje m'mabuku a kampani mpaka lidzatimeze tonse.

Pangano logula magetsi ku Mozambique nalo liwerengedwe pabwalo: mtengo wake, zaka zake, ndi zomwe zidzachitike chaka cha chilala kapena mwezi womwe tachedwa kulipira. Anzathuwo adaphunzira ndi misozi zomwe zimatsatira pangano la madola likasainidwa m'chipinda chotseka. Aphungu athu alifunse, atolankhani alione. Tikumbukirenso kuti nthambo ya Phombeya magetsi atha kuyendamo mbali zonse ziwiri. Tikamanga Mpatamanga, wa mamegawati oposa 350 pa Shire, n'kuwonjezera minda ya magetsi a dzuwa ngati ya Nanjoka ku Salima ndi ya Golomoti, padzakhala maola ndi miyezi yomwe nafenso tingagulitse, madola ena n'kubwerera. Wofika pamsika ndi dengu lopanda kanthu tsiku lililonse samulandira ngati wofika ndi kake.

Za mafuta a m'Nyanja ya Malawi, omwe ziphaso zowafufuzira zidaperekedwa mu 2011 n'kudzutsa mkangano wa malire ndi Tanzania, ndingodutsapo. Tiyerekeze apezeka mawa. Fakitale yowayenga kuno kulibe, ndiye paipi idzaloza kudoko, mafuta osayenga n'kupita kwa wolipira madola, ife n'kumagulabe petulo pa Beira. Msodzi wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay adzakhala ngati mayi wa ku Vilankulo uja, atawonjezeredwa nkhawa ya usipa wake. Amene amatilonjeza kuti mafuta a m'nyanja adzathetsa mizere apite kaye akacheze ku Inhambane.

Posachedwapa ndidadutsa ku Mwanza ndipo ndidaima pomwe zitsulo zatsopanozo zimaonekera. N'zazitali, zonyezimira, zondondozana kukwera ndi kutsika zitunda mpaka maso kulephera. Chapafupi padali nyumba zofolera ndi udzu, ndipo mumsewu munkadutsa njinga zitatu zitasenza matumba a makala osongoka pamwamba, eni ake akukankha, thukuta lili kamukamu. Nthambo ya 400kV siingalowe m'nyumba ya munthu. Magetsi ake ayenera kukafika kaye pasiteshoni, atsitsidwe mphamvu, kenako abwerere pa mapolo a mitengo, thiransifoma ndi mita. Ulendo wobwererawo ndi wathu eni ake, kudzera mu MAREP, ndondomeko ya boma yopititsa magetsi kumidzi, ndi ESCOM. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zomwe zinkaunikira magetsi a pa nthambo. Anthu a ku Mwanza ndi ku Neno adapereka minda yawo kuti zitsulozo ziime. Ndikufuna kumva kuchokera ku unduna woona za magetsi chaka chomwe midzi ya pansi pa nthamboyi idzalumikizidwe, mudzi ndi mudzi, komanso kuti ndalama yake ili pa tsamba liti la bajeti.